Tsiku limene ndinawotcha ampulifaya ya sukulu

Pepani kuti ndakhala chete masabata angapo. Tinali pa chipwirikiti cha mayeso, ndipo mulu wa mapepala ochonga unafika pondibisa nkhope. Lero ndati ndikuuzeni nkhani ina imene aphunzitsi anzanga amaikonda kwambiri akafuna kundiseka pa nthawi ya tiyi. Ndaona kuti ndi bwino muimve kwa mwini wakene, ena asanakuuzeni ataithira mchere.

Ine ndimaphunzitsa Fizikisi. Chifukwa cha chimenecho, chilichonse chokhala ndi waya pasukulu pano chimatengedwa ngati mwana wanga. Babu likapsa m'kalasi, kaitaneni aphunzitsi a Fizikisi. Wailesi ya alonda ikasiya kulankhula, ndi ine ndemwe. Ndiye mphunzitsi amene ankasamala zokuzira mawu atasamutsidwa, ahedi sanavutike n'kuganiza. Anangondipatsa makiyi a kachipinda ka kuseri kwa holo n'kunena kuti, "Izi ndi zanu, inu mumadziwa za magetsi." Ndinalandira makiyiwo ndikumwetulira. Sindinawauze kuti magetsi amene ndinkawadziwa ine anali a choko, a pabolodi.

M'kachipindamo ndinapezamo mikisa imodzi, ampulifaya imodzi, masipika anayi, mamaiki atatu, projekita, ndi mulu wa zingwe zopiringizana ngati mizu ya kachere. Ndinangoyang'ana kamodzi n'kutseka chitseko. Ndinati m'mtima, waya ndi waya basi, tsiku lake likadzafika tidzalumikiza.

Tsikulo linafikadi. Linali Loweruka lotsekera teremu, tsiku la variety show, ndipo makolo anaitanidwa. Pa ndandanda panali magule, sewero, kwaya ndi ndakatulo. Mmodzi mwa olakatula anali mtsikana wa Folomu 4, mwana wofatsa amene m'kalasi sankakweza dzanja ngakhale yankho akulidziwa. Analemba ndakatulo yokumbukira malemu mayi ake, ndipo anaikonzekera milungu itatu. Agogo ake, amene ankamulipirira fizi ndi ndalama za mtedza, anabwera pa kabaza kuchokera kutali kudzamumvera.

Ine pofuna kuti mawu amveke mpaka kumsewu, ndinalumikiza masipika onse anayi mbali imodzi ya ampu. Anyamata ovina atakwera pansanja, anandikodola kuti ndikweze. Ndinakweza. Nyimbo ili pakati, zonse zinangoti zii. Nditasuzumira kuseri kwa ampu ndinapeza kuti fyuzi yapsa. Ina yosinthira panalibe, holo yonse ikuimba mluzu, ahedi akundiyang'ana ndi diso limodzi. Ndinasenda kachingwe, n'kutenga timawaya ta kopa, n'kukulunga fyuzi ija bwinobwino. Nyimbo inabwerera, ana anandiwombera m'manja, ine n'kumadzimva ngati katswiri.

Patangopita mphindi zochepa, mtsikana uja anaitanidwa. Anagwira maiki ndi manja onse awiri, n'kunena mizere iwiri yoyamba. Kenako ndinamva fungo la pulasitiki yopserera, ndipo kautsi kanatuluka m'ampu muja. Mwanayo anayesa kupitiriza ndi mawu ake okha, koma akumbuyo anayamba kukuwa kuti, "Sitikumva! Sitikumva!" Anaima pakati pa ndakatulo, n'kuika maiki pansi mwaulemu, n'kutsika. Agogo aja anakhala duu pa benchi, atagwira chibwano. Mpaka lero ndikatseka maso ndimawaona.

Lolemba ahedi anandiuza mosapita m'mbali kuti ndalama yogulira ampu ina palibe. Ndinaikulunga m'chitenje cha mayi a kunyumba, n'kukwera nayo minibasi kupita kumsika wa paboma, kumene kuli bambo wina wachikulire wokonza mawailesi ndi ma TV m'kashopu ka malata. Anamasula, ananunkhiza, kenako anasolola fyuzi yanga ija n'kuikweza m'mwamba.

"Wachita izi ndani, aphunzitsi?"

Ndinati, "Ndi ana a sukulu, bambo."

Anaitembenuza kawiri n'kunena kuti, "Ana a sukulu samanga waya mwaudongo chonchi."

Ndinaulula. Atandifunsa phunziro limene ndimaphunzitsa, ndinayankha chapansipansi, ndipo anaseka mpaka anatsokomola. Atamaliza kuseka anandiuza mawu amene sindidzawaiwala. Anati fyuzi ndi mlonda. Ikapsa ndiye kuti mlonda wakuwa kuti kwabwera akuba. "Inuyo m'malo mofufuza akubawo, munamanga mlonda pakamwa."

Akubawo anali masipika anga anayi. Bamboyo anang'amba kakatoni n'kulembapo 8 kanayi. Sipika iliyonse inali ya ma ohm 8. Ukalumikiza ziwiri mwa parallel, monga timanenera m'kalasi, zimatsika kufika pa 4. Ukalumikiza zinayi zimafika pa 2. Kenako anandionetsa kuseri kwa ampu, pamene panalembedwa poyera kuti mbali iliyonse isatsike kupitirira pa ma ohm 4. Ma ohm akachepa, mphamvu ya magetsi yodutsa imachuluka, ma transistor amatentha mpaka kupsa. Abale anga, limeneli ndi lamulo la Georg Ohm, limene analisindikiza mu 1827, ndipo samu yake ndi yomweyo imene ine ndimapatsa ana chaka ndi chaka, n'kumawalembera ndi inki yofiira akalakwa. Munthu amene ankandiphunzitsa tsiku limenelo anandiuza yekha kuti sukulu analekezera Sitandade 8. Akuluakulu sananame, safunsa anadya phula.

Theka la ndalama yokonzetsera inachoka m'thumba mwanga, ndipo kunyumba nkhaniyo sinathe tsiku limodzi. Koma potenga ampu ija ndinapempha bamboyo kuti ndizibwera Loweruka lililonse kudzaphunzira. Anavomera, malinga ndizibwera ndi mabanzi.

Phunziro loyamba silinali logwira chida ayi. Anati mawu amayenda ngati madzi a m'ngalande ya kudimba. Amachoka pakamwa, kulowa m'maiki, kudutsa m'chingwe, kufika pa mikisa, kudutsa m'chingwe china, kulowa m'ampu, kenako chingwe chinanso mpaka pa sipika. Madzi akapanda kufika pa bedi la mpiru, sugumula dimba lonse. Umayenda m'mbali mwa ngalande kufufuza pamene atsekeka. Ndiye usinthe chinthu chimodzi chokha pa nthawi imodzi, uyese, kenako upite pa china. Ukasintha zitatu pakamodzi zinthu n'kuyamba kuyenda, sudziwa chimene chinali chodwala, ndipo mawa chidzakuchititsanso manyazi. Anandiuzanso kuti ndiziyamba kukayikira chingwe ndisanakayikire bokosi, chifukwa chingwe ndi chimene chimapondedwa, kukokedwa ndi kupindidwa. Mwa zinthu zonse zimene ndakonza kuyambira pamenepo, zambiri vuto lake linalidi chingwe.

Kenako tinafika pa kuwotcherera. Chingwe cha maiki chimene chimatchedwa XLR chili ndi timano titatu. Ka nambala 1 ndi ka waya wolukidwa wakunja uja, amene amatchinga phokoso. Ka nambala 2 ndi ka nambala 3 ndi ta mawaya awiri a m'kati. Chimene chinandisangalatsa ine ngati mphunzitsi ndi ichi: mawaya awiriwo amanyamula mawu omwewo, koma wina amawanyamula chozondoka. Phokoso lotoleka m'njira limalowa mofanana mwa onse awiri. Akafika pa mikisa, iyo imatembenuza wozondoka uja n'kuwaphatikiza, ndiye mawu amawonjezerana pamene phokoso limadyana lokhalokha. N'chifukwa chake chingwe chotere chimatha kuyenda holo yonse popanda kulira.

Kudziwa zimenezo n'kosavuta. Kugwira chowotcherera ndi nkhani ina. Mtovu wowotcherera, uja wa 60/40, umasungunuka pa madigiri pafupifupi 190, ndipo chala changa chinatsimikiza kuti kumeneko n'kotentha ndithu. Ine ndinkasungunula mtovuwo pa nsonga ya chowotcherera n'kumaudonthezera pa waya ngati phala. Bamboyo ankangokoka wayayo pang'ono, thothoo, wachoka. "Tenthetsani waya, aphunzitsi, mtovu ubwera wokha." Polumikiza pabwino pamakhala posalala ndi ponyezimira, pamene poipa pamaoneka potuwa ngati phulusa. Ndinawotcherera pulagi imodzi kasanu ndi kawiri asanagwedeze mutu kuvomereza. Ukamaliza umayesa ndi mita, kano ndi kano, kumva ngati ikulira, ndipo umasamba m'manja usanagwire banzi chifukwa mtovu ndi poizoni.

Panali chinthu chimodzi chimene sankachita nacho nthabwala. Magetsi a m'nyumba kuno kwathu ndi a ma volt 230, ndipo amapha. Komanso m'kati mwa ampu muli ma capacitor akuluakulu amene amasunga mphamvu ngakhale utazula pulagi kukhoma. Anandiletsa kulowetsamo dzanja ndisanayese ndi mita, ndipo anandiuza kuti pali matenda ena amene ndisamalimbane nawo, ndizingobwera nawo kwa iye. Kudziwa polekezera nakonso ndi luso.

Pang'ono ndi pang'ono ndinayamba kumva chilankhulo cha zipangizozi. Kulira kuja kwa tswiii, kokhala ngati nkhumba ikuphedwa, kumabwera maiki ikamva mawu ochokera m'sipika n'kuwabwezanso ku ampu, ndiye amangozungulira akukula. Mankhwala ake si kumenya maiki ndi chala. Masipika akhale kutsogolo kwa olankhula, atayang'ana kwa anthu, ndipo wolankhula ayandikize maiki kukamwa kuti usachite kukweza kwambiri. Kung'ung'udza kwa mmmm kosalekeza ndi kwa magetsi a kukhoma, amene amasinthasintha ka 50 pa sekondi. Nthawi zambiri kumatha ukalumikiza mikisa, ampu ndi laputopu pa soketi imodzi, kapena ukatalikitsa zingwe za mawu ndi za magetsi. Ena amathetsa podula waya wa earth. Chonde musatero, waya ameneyo ndi amene amateteza mwana wogwira maiki kuti asagwidwe ndi magetsi.

Palinso ndondomeko yoyatsira. Ampu imayatsidwa pomaliza ndipo imazimitsidwa poyamba, kuopa kuti kaphokoso ka phuu kochokera ku mikisa kangang'ambe sipika. Magetsi akathima n'kudzutsa jenereta, uyambe waisiya ikhazikike usanayatse chilichonse. Kagetsi kofiira ka pa ampu kakamaphethira, ndiye kuti wapyola muyezo, bweza. Ndipo ukafuna kudziwa ngati sipika ili moyo, gunditsa mawaya ake ku batire la tochi la ma volt 1.5. Ikati phu n'kusuntha, ili moyo. Ndinachita zimenezi m'kalasi pophunzitsa za maginito ndi koyilo, ana amene amagona nthawi zonse anadzuka.

Koma chachikulu chimene ndaphunzira n'chakuti ntchito yambiri si kukonza, ndi kusamala. Adani a zipangizozi si achilendo: fumbi la mu Okutobala, chinyezi cha dzinja, mphemvu zokonda kufunda kwa m'ampu, makoswe odya zingwe, ndi mabatire oiwalika m'maiki mpaka kuchucha. Projekita yathu inkazima yokha pakatha mphindi zochepa, ndipo ena anali atailembera kale kuti yafa. Nditatsegula kasefa ka mpweya ndinapeza fumbi lokwana kudzalapo tomato. Nditapukuta, inayambanso kugwira ntchito, ndipo tsopano palibe amaizula kukhoma fani yake isanamalize kuziziritsa babu. Zingwe nazo sitikulunganso pa chigongono ngati chingwe cha mbuzi, chifukwa kutero kumapotokola timawaya ta m'kati mpaka kuduka.

Masiku ano sindigwira ndekha. Ndili ndi kagulu ka ana asanu ndi mmodzi, atsikana atatu ndi anyamata atatu, amene Lachisanu lililonse amayesa zingwe zonse n'kulemba m'kope chimene chavuta. M'kabokosi ka zida simusowa mafyuzi a muyezo woyenera. Tsiku la mwambo timafika maola awiri anthu asanabwere, timayesa maiki iliyonse, ndipo mwana mmodzi amakaima kumbuyo kwenikweni kwa holo kumvetsera. Mwambo ukayenda bwino palibe amatiyamikira, chifukwa palibe amakumbukira kuti tilipo. Poyamba zinkandiwawa. Pano ndinazindikira kuti kuiwalika kumeneko ndiye malipiro ake.

Mwina mukufunsa za mtsikana uja. Teremu yotsatira itayamba ndinamuitana n'kumupepesa. Ndinamuuza kuti sanalephere iye, ndinalephera ndine. Anangoti, "Palibe kanthu, aphunzitsi," akuyang'ana pansi. Ndinamupempha kuti adzalakatulenso pa mwambo wotsanzikana ndi a Folomu 4 asanalembe mayeso a MSCE. Anakana kawiri, kachitatu anavomera. Tsikulo ndinayesa chingwe chake katatu, ndipo china chinali chokonzeka m'manja mwanga. Mawu ake anamveka mpaka pakhomo, holo yonse inati chete, ndipo amayi ena ankapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

Agogo ake sanabwere. Ndalama ya kabaza sinapezeke ulendo umenewo. Tinajambula ndakatuloyo pa foni kuti akawamvetsere kumudzi, koma inu ndi ine tikudziwa kuti si chimodzimodzi. Ampu inakonzedwa, zingwe zinawotchereredwa, koma Loweruka lija palibe mmisiri angalikonze.

Ndiye ngati nanunso anakupatsani makiyi a kachipinda kotere, kusukulu, kutchalitchi kapena kumzikiti, musadikire tsiku la mwambo. Katseguleni mawa, muwerenge zolembedwa kuseri kwa ampu, mugule mafyuzi, ndipo mukapeze mmisiri wa kumsika kwanuko. Musaiwale mabanzi.

Ndabwerera ku mapepala anga. Tionana sabata yamawa, magetsi akalola.