Kali Kokha N'kanyama

Ndinakulira ku Lirangwe, m'mbali mwa msewu wochoka ku Blantyre kupita ku Zalewa, m'nyumba ya zidina momwe tinkagona anthu asanu ndi awiri pamodzi ndi analimata osawerengeka. Madzulo amayi akayatsa koloboyi, analimatawo ankatsika kudenga kudzadikira tizilombo tothamangira kuwala. Palibe ankawapatsa chakudya, palibenso ankawayesa ziweto. Munthu akanandiuza nthawi imeneyo kuti tsiku lina ndidzalandira malipiro chifukwa cholera nalimata, ndikanati mutu wake sukuyenda bwino.

Koma dziko ndi lalikulu. M'chaka cha 2016 ndinakwera basi pa Wenela, kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, ulendo wa ku Joni. Kumeneko ndinapeza ntchito ya m'nyumba kwa banja lina la ku Johannesburg. M'chipinda cha mwana wawo wamkazi wa zaka 10 munali bokosi lagalasi, ndipo m'bokosimo munali nalimata wachikasu wa mawanga akuda ngati kambuku. Azungu amamutcha leopard gecko.

Nalimata ameneyu kwawo ndi kumadera ouma ndi amiyala a ku Afghanistan, Pakistan, Iran ndi kumpoto chakumadzulo kwa India. Ndi mbale wake wa nalimata wathu, koma makhalidwe ndi osiyana. Wathuyu amakwera khoma chifukwa zala zake zimamata. Uyo ali ndi tizikhadabo, amayenda pansi. Wathuyu alibe zikope. Uyo amaphethira, pogona amatsinzina ngati munthu. Amatalika masentimita 20 kapena kuposera pang'ono, ndipo akasamalidwa bwino amakhala zaka 15 mpaka 20. Nkhokwe yake ndi mchira. Mafuta ake amasungira mmenemo, kotero wathanzi amadziwika ndi mchira wonenepa.

Ntchito yanga inali kumupatsa nkhululu zing'onozing'ono ndi mphutsi zowaza ufa wolimbitsa mafupa, kusintha madzi, ndi kuonetsetsa kuti pansi pa mbali imodzi ya bokosi pakufunda madigiri pafupifupi 32, mbali inayo ili yozizirirapo. Thupi la nalimata silidzifunditsa lokha. Akapanda kugoneka mimba pamalo ofunda, chakudya sichigayika.

Chomwe chinkandipweteka mtima chinali kumuona ali yekhayekha usana ndi usiku. Tsiku lina ndinalimba mtima.

"Adona, kwathu timati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Bwanji osamugulira mnzake?"

Mwana uja analumpha ndi chimwemwe, ndipo Loweruka lake tinapita kusitolo ya ziweto. Wogulitsa anatichenjeza kuti amphongo awiri amalumana mpaka kuvulazana. Zimenezo sizinandidabwitse, paja atambala awiri salira m'khola limodzi. Anatinso wamphongo ndi wathazi n'zosathandiza, chifukwa wamphongoyo samupatsa mnzakeyo mpumulo, ndipo wathaziyo amangoikira mazira awiriawiri mpaka kutha mphamvu. Poti wathuyo anali wathazi, tinagula wathazi mnzake n'kubwerera mitima ili m'malo.

Masabata oyamba zonse zinkaoneka bwino. Tinkawapeza m'kaphanga ka kumbali yofunda atasanjikizana, watsopanoyo ali pamwamba. Mwana uja ankawajambula n'kumati akukondana. Ine ndinkayenda monyadira, poti nzeru za kwathu zagwira ntchito m'nyumba ya azungu. Sitinaonepo ndewu ngakhale tsiku limodzi.

Patatha miyezi itatu, mchira wa woyamba uja unali utawonda ngati pensulo. Anasamukira kumbali yozizira, ndipo nkhululu ikamudutsa pakamwa ankangoiyang'ana. M'mawa wina ndinapeza mchirawo uli pawokha pansi, mwini wake atabisala kuseri kwa mbale ya madzi, ali ndi bala pakhosi.

Dokotala wa ziweto sanazungulire. Anati kusanjikizana kuja sikunali chikondi koma kulandana malo ofunda. Wamphamvu ankapsinja mnzake mpaka anamuchotsapo. Wochotsedwayo, posowa pofunditsa mimba, anasiya kudya. Kulumana kunkachitika usiku ife tili m'tulo, poti ndiyo nthawi yomwe nyamazi zimayenda. Anavomera kuti alipo ena amene amasunga athazi awiri m'bokosi lalikulu osaona vuto, koma anati nalimatayo sapindulapo kanthu, ndipo zikamadzaonekera kuti zalakwika, wina amakhala atavutika kale nthawi yaitali. Kutchire, wogonja amangochoka n'kukapeza mwala wina. M'galasi achokera kuti?

Anagula bokosi lachiwiri. Wodwalayo anayambanso kudya, mchira unaphukanso, koma wobulungira ngati kambatata, wosafanana ndi woyamba uja. Tsiku lililonse ndikauona ndinkachita manyazi. Mwambi uja ndinaunena ndine, koma sindinaumve. Akuluakulu ananena poyera kuti kukhala kokha ndi chikhalidwe cha kanyama. Amene ankasowa mnzake m'nyumba muja sanali nalimata ayi. Ndinali ine, mlendo wa ku Lirangwe wopukwa kwawo.

Ndinabwerako mu 2019 n'kumanga nyumba yanga ku Chileka, m'dera la Mfumu Yaikulu Kuntaja, komwe ndege zikamatera mazenera amanjenjemera. Za analimata a ku Joni ndinaiwala, mpaka mwezi wa Malichi 2023 pomwe namondwe wa Freddy anasakaza chigawo cha kummwera. Khoma la nyumba ya amayi ku Lirangwe linagwa. Ndinathamangira komweko.

"Amayi, longedzani tizipita ku Chileka. Nyumba ija ndi yaikulu, muzikakhala nafe mpaka kalekale."

Sindinawafunse ngati akufuna, sindinafunsenso mkazi wanga. Iye anawalandira apongozi ake ndi manja awiri, anawayalira chipinda, madzi osamba ankawafunditsira m'mawa uliwonse. Panalibe kukangana. Anansi ankatiyamikira kuti pakhomo pathu mpongozi ndi mpongozi amadyera mbale imodzi, ine n'kumanyadira monga ndinkachitira ku Joni.

Koma ku Lirangwe amayi anali ndi mafuwa awoawo, munda wawo wa nandolo, anzawo a kumpingo ndi zidzukulu za kwa mlongo wanga zowatuma. Ku Chileka, mayi amene analera ana asanu ankapempha chilolezo kuti atape mchere. Tsiku lonse ankakhala pakhonde kuyang'ana phiri la Michiru. Naye mkazi wanga, amene ankakonda kuimba akamaphika, anangoti zii, kuopa kuti mwina ndiwo zake sizikuwafika pamtima apongozi.

Madzulo ena m'mwezi wa Julayi ndinaona amayi akubweza nsima atangodya theka la mtanda. Potambasula dzanja kuti asambe, chibangili chomwe kale chinkawathina chinatsetsereka mpaka m'chigongono.

"Amayi, kodi mukudwala?"

"Iyayi mwananga, ndili bwino. Mkazi wakoyu akundisamala, ndidandaulenji?"

Pomwepo ndinakumbukira mchira uja. Kusiyana kwake n'kwakuti pano panalibe woluma mnzake. Onse awiri ankawonda, aliyense pofuna kupatsa mnzake malo. Wolakwa anali yemwe uja wa ku Joni, wotsekera awiri malo amodzi n'kumayesa bata kuti ndi mtendere.

Sindikunena kuti munthu ndi nalimata. Amayi sankafuna kukhala okha. Ankafuna khomo lawolawo, lotsegula ndi kutseka okha. Tinaumba njerwa, tinawotcha, ndipo mvula isanagwe chaka chomwecho anabwerera ku Lirangwe m'nyumba ya zipinda ziwiri. Masiku ano amakwera minibasi, kutsika pa Kameza n'kukwera ina ya ku Chileka, atasenza nandolo wa mpongozi wawo. Amakhala masiku atatu, awiriwo n'kumaseka kukhitchini mpaka usiku. Akafuna kupita amangotsazika, ndipo chibangili chija chinayambanso kuwathina.

Pakhonde pathu pali getsi, ndipo madzulo aliwonse analimata anayi kapena asanu amalizungulira, aliyense potalikirana ndi mnzake. Wina akayandikira kwambiri, pamamveka kaphokoso, wogonjayo n'kuthawira kumalata, pakapita nthawi n'kutulukira mbali ina. Amatha kukhala khoma limodzi chifukwa khoma lilibe chivundikiro.

Tsiku lina mwana wanga wamwamuna anabwera ndi chigubu chodula pakamwa, ati akufuna agwire awiri aziweta.

"Chifukwa chiyani awiri?" ndinamufunsa.

"Kuti asamasowe wocheza naye, adadi."

Ndinamukhazika pamwendo n'kumufotokozera za mchira wa ku Joni. Chigubucho tinadzalamo tomato.