Usipa ukatchipa amalira ndani?

Anzanga akunyanja, ndi ine uja mwana wa msodzi wa ku Senga Bay. Pano ndili ku Mchinji, ndikugula mtedza ndi soya. Pirirani, lero ndalembanso yaitali.

Dzulo pa boda ya Mwami mnyamata wina wosintha ndalama anati, "Aise, zinthu zonse zikanangotsika mtengo tikanapumako." Ndinaseka, kenako ndinakumbuka bambo anga.

Kukwera kwa mitengo tonse tikukudziwa. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Petulo wa injini, ukonde, shuga, zonse zinathawa. K5,000 ija inatuluka mu 2022 tikumati ndi chindalama, lero ukalowa nayo m'golosale umatuluka ndi kajumbo kopepuka.

Koma kutsika nakonso kumaluma. Usiku wina chilimira cha bambo chinadzaza usipa, anzawo onse chimodzimodzi. M'mawa padooko chigoba chinatchipiratu, ogula akumwetulira. Bambo atalipira petulo ndi alovi anatsala chimanjamanja, ngongole ya injini ili pomwepo. Teremu imeneyo ndinabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Alimi akunonso amalira chomwecho nthawi yokolola, mavenda tikamawagula motchipa. Inde, nanenso ndili momwemo.

Limenelo linali tsiku limodzi, nsomba imodzi. Taganizani katundu yense m'dziko akutsika kwa zaka. Ku America kuyambira 1929 mpaka 1933 mitengo inatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Mafakitale anatseka, ndipo pa anthu anayi alionse ofuna ntchito mmodzi ankangokhala. Zinthu zotchipa, wogula palibe.

Ku Zimbabwe analawa zonse ziwiri. Mu 2008 mitengo inkasintha tsiku lomwelo, mpaka anasindikiza pepala la 100 thiriliyoni. Pofika 2015, akugwiritsa ntchito dola ya America, mitengo inkatsika, koma ndalamayo kuipeza kunali kovuta.

Ndiye mitengo ikamakwera, imadyeka ndi ndalama yomwe wasunga. Ikamatsika, amapsa ndi wogulitsa komanso wangongole, paja ngongole siitsika nawo. Ife akunyanja timagula, komanso timagulitsa.

Iwe amene ukufuna kukongola ndalama ya injini chaka chino, usawerengere mtengo wa nthawi ya mwera pamene usipa wasowa. Werengera wa tsiku lomwe mathandala onse adzaza. Ukaona kuti ungabwezebe, katenge.

Tumizirani ena. Moni kwa onse padooko.