Mdzukulu Wathu Agwira Chingwe cha Thanga

Mdzukulu wathu anabadwira ku Sharpevale, kumene madzi aakulu amene ankawadziwa ndi a Bwanje m'dzinja. Ife tinakulira kunyanja, ndipo zimenezi zinkatiwawa. Choncho Idi itatha tinamutenga, kudzera pa Golomoti, mpaka ku Malembo.

Mabwato ena masiku ano ndi a injini, koma tinapeza limodzi la thanga. Mayi ake anakana kukwera, nangoima pamchenga manja ali m'khosi. Unali m'mawa, mwera usanakule. Titanena Bismillah, tinampatsa mwanayo chingwe.

"Agogo, chikundikoka!"

"Umenewo ndi mwera, gwiritsa. Ukakalipa, titsitsa thanga."

Pobwerera anagona m'minibasi, zikhato zitafiira ndi chingwe. Mayi ake ankangozisisita, ndipo sanatilankhule mpaka pa Golomoti.