Kunenepa kwa Mwana Si Umboni wa Ulemero

Kuyambira kale, munthu wobwera kumudzi kucokera ku migodi amayesedwa ndi maso asanamasule n'komwe katundu wake. Akaoneka wonona, a pamudzi amati nchito yamuyanja. Akaoneka woonda, amanong'onezana kuti ku Copperbelt kwamukana. Muyeso womwewo umagwera ana ake. Mwana wa masaya odzaza amanyamulidwa ndi cimwemwe, ndipo amai a pamudzi amayang'ana ana ao ndi cisoni, poganiza kuti iwo ndiwo alephera kulera.

Maganizo amenewa ali ndi gwero lake. Taonani komboni ya Wusakile mu Kitwe, imene inamangidwira anchito a pa mgodi wa Nkana. Mgodi umenewu unayamba kutulutsa mkuwa mu 1932, ndipo m'zaka zoyambirira kampani inkagawira anchito phoso la ufa, nyama, nyemba ndi mcere, kufikira m'zaka za m'ma 1950 pamene phosolo linasandutsidwa ndalama. Kampani ya ZCCM, imene inapangidwa mu 1982, inathandizanso anchito ake ndi ufa. Cotero kwa zaka zambiri Wusakile anali malo kumene mphika sunkagona wouma, pamene kumidzi Januwale ndi Febuluwale inali miyezi ya njala. Amene anaona zimenezi ndi maso sangadzudzulidwe pokhulupirira kuti thupi lalikulu ndilo thupi labwino.

Mmodzi wa okhulupirira motero anali mai wina wacikulire wa m'boma la Katete, amene mwana wake wamwamuna amagwira nchito ku migodi ndipo amakhala ku Wusakile. Atatha kukolola, maiyo anakwera basi kudzera ku Lusaka kukaona adzukulu, atasenza nshawa, nyemba ndi mfutso wa ciwawa. Mdzukulu wamkulu, mnyamata wa zaka khumi ndi cimodzi, anali wonenepa kuposa anzake onse a mumsewu umenewo. Ambuyawo atamuona analuluta nati, "Amuna anga awa ndi bwana ndithu! Apongozi, mwandilerera bwino." Mpongoziyo anagwada nathokoza, koma nkhope yake sinasangalale.

Masiku owerengeka anakwanira kuonetsa cifukwa cake. M'mawa mnyamatayo ankamwa tiyi wa masupuni atatu a shuga ndi buledi woyera. Popita kusukulu ankapatsidwa ndalama, zimene zinkathera pa vitumbuwa, masiwiti ndi zakumwa zotsekemera pa cipata ca sukulu. Masana ankafuna soseji kapena mbatatesi zokazinga m'mafuta, ndipo ndiwo zamasamba ankazikankhira pambali. Madzulo, anzake akuthamangitsa mpira, iye ankakhala pa wailesi ya kanema kapena pa foni ya atate ake, pakuti akathamanga pang'ono ankapuma wefuwefu ndipo anzakewo ankamseka. Mfutso wa ambuya anaununkhiza nati ndi cakudya ca kumudzi.

Tsiku lina mpongozi anapempha ambuyawo kuti amperekeze ku kiliniki ina, kumene mnyamatayo anayesedwa msinkhu ndi kulemera kwake. Namwino anafotokoza mofatsa kuti thupi la mwanayo linalemera kopitirira msinkhu wake, ndi kuti mwana wotere kawirikawiri amakula ali wonenepa, nakhala pafupi ndi matenda a shuga, a mtima ndi a kuthamanga kwa magazi. Ambuya anakhala cete njira yonse yobwerera. Anakumbukira mlongo wao amene anadulidwa mwendo kaamba ka matenda a shuga, ndipo sanaganizepo kuti njira yopita kumeneko ingayambire pa cipata ca sukulu. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere.

Nkhani ya mnyamatayu si ya nyumba imodzi ai. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena kuti mu 2022 ana ndi acinyamata oposa 390 miliyoni a zaka 5 kufikira 19 anali olemera kopitirira muyeso. Mu 1990 anali 8 pa 100 ali onse, koma pofika mu 2022 anali 20 pa 100 ali onse. Muno m'Zambia, kufufuza kwa Boma kwa mu 2018 kunapeza kuti pa ana 100 ali onse osafika zaka zisanu, 35 anali opinimbira ndipo 5 anali onenepa kopitirira muyeso. Kupinimbira ndiko kukali vuto lalikulu, makamaka kumidzi, ndipo nkosayenera kukuiwala. Koma mavuto awiriwa amacokera pa muzu umodzi, ndiwo kudya cakudya codzaza mimba koma cosamanga thupi. Mwana angathe kunenepa ndi shuga ndi mafuta, koma magazi ake ali ocepa monga a mwana woonda.

Kusintha kwa kadyedwe m'matauni kunayamba kale. Ufa woyera wa bulekifasi, umene umacotsedwa gaga ndi mtima wa cimanga, unakondedwa kuposa mgaiwa, ngakhale kuti zimene zimacotsedwazo ndizo ziri ndi zofunika zambiri m'thupi. Mu Disembala 1986 Boma litakweza mtengo wa ufa umenewu koposa kawiri, ndipo ufa wochipa nuwusowa m'masitolo, ku Kitwe, ku Ndola ndi m'matauni ena a migodi kunabuka cipolowe cimene cinatayitsa miyoyo, kufikira Pulezidenti Kenneth Kaunda anabweza mtengo wakale. Pambuyo pake migodi inagulitsidwa, ndipo Nkana anapita m'manja mwa kampani ya Mopani mu 2000. Ambiri anacotsedwa nchito, ndipo amai oculuka anatuluka kukagulitsa malonda ku misika monga wa Chisokone. Mai wocoka m'mamawa ndi kubwera dzuwa litalowa sapeza nthawi yosinja nshawa kapena yowiritsa nyemba. Amasiyira mwana ndalama, ndipo ndalamayo imagula cimene ciri pafupi, cochipa ndi cotsekemera. Si ulesi wa makolo, koma ndi mmene moyo wa m'tauni wakhalira.

Cakumwa cotsekemera ndico cinyenga kwambiri, pakuti sicikhutitsa. Citini cimodzi cingakhale ndi shuga wofika masupuni ang'ono khumi, ndipo mwana atamwa amafunabe nsima yake yonse. Mu 2019 Boma linaika msonkho wa ngwee 30 pa lita imodzi ya zakumwa zotere, koma msonkho sungalowe m'khichini ya munthu. Ngakhale shuga wa muno, amene wakhala akuthiridwa vitamini A kuyambira mu 1998, sali mankhwala akuti mwana amwe mosayesa.

Ambuya aja sanakalipire munthu. Anatenga mtondo kwa oyandikana nao, nasinja nshawa, natendera mfutso uja. M'mawa anaphika phala la mgaiwa lothira nsinjiro, ndipo popita kusukulu anamangira mdzukulu mbatata yophika ndi nthoci m'malo mwa ndalama. Masiku oyamba panali misozi ndi kunyanyala. Atate a mwanayo anati, "Amai, anthu adzati ndasauka." Iwo anayankha kuti, "Mwana wanga, iwe unakula ndi zomwezi, ndipo ndiwe amene ukuphwanya miyala pansi pa nthaka." Banja lonse linayamba kudya cimodzimodzi, pakuti mwana sangasiye cimene akulu akudya pamaso pake. Palibe anammana cakudya, ndipo palibe anamchula maina omunyoza. Madzulo ambuya ankamtuma uku ndi uku, kufikira anabwerera ku mpira mu Wusakile momwemo, kumene kuli bwalo la timu ya Nkana. Akatswiri a WHO amalangiza kuti mwana wa zaka 5 kufikira 17 azisewera mwamphamvu mphindi 60 tsiku liri lonse. Thupi la mnyamatayo silinasinthe msanga, koma pa miyezi itatu imene ambuya anakhalako, kupuma wefuwefu kunacepa.

Mabanja a kumidzi asaganize kuti nkhani imeneyi ndi ya ku migodi kokha. Tumagolosale tafika pa mphambano iri yonse ya ku Katete, Petauke ndi Lundazi, ndipo muli timapaketi tomweto timene tiri ku Kitwe. Nyumba zambiri zimagulitsa nshawa zonse, soya yense ndi mazira onse, ndipo ndalama zina zimabwerera kumudzi ngati mabisiketi ndi zakumwa za ana. Kumeneko ndiko kusinthanitsa cakudya comanga thupi ndi madzi a shuga.

M'mera mpoyamba. Khanda liyamwe bere lokha miyezi isanu ndi umodzi, ndipo lipitirize kuyamwa kufikira zaka ziwiri likulandiranso phala lothira nsinjiro kapena dzira. Khadi la kusikelo liwerengedwe bwino, pakuti mzere wokwera mopitirira uli ndi cenjezo monga mzere wotsika. Pogulitsa zokolola, thumba la nshawa ndi la nyemba zitsale m'nkhokwe cifukwa ca ana, ndipo masamba afutsidwe dzinja lisanathe. Wa ku tauni akabwera kudzaceza ndi mwana wake wonona, alandiridwe ndi manja awiri. Koma mai wa pamudzi amene mwana wake akukula molingana ndi msinkhu, nathamanga osatopa, asaweramitse mutu, pakuti iye walera bwino.