Cipsela ca pa mphuno cimafuna kudekha

Ukayang'ana zithunzi za anthu okonzetsa mphuno pa Instagram kapena pa TikTok, udzaona kuti pafupifupi zonse amajambula kutsogolo ndi cam'mbali. Si kawili-kawili kuona munthu atakweza cibwano, kamela ili pansi pa mphuno. Koma kumeneko n'kumene dokotala amaceka, ndipo n'kumene cipsela cimatsala.

Nkhaniyi inafika pa banja pathu pamene msuweni wanga anabwelako ku Istanbul, kumene anakonzetsa mphuno. Ulusi utangocotsedwa, alangizi anaculuka. Azakhali anati apakepo mandimu. Mnzake wa ku saluni anabwela ndi kabotolo ka mafuta oyeletsa khungu. Wina anati mankhwala otsukila mano amaumitsa ciliconse. Onse anali kumufunila zabwino, koma malangizo onsewo anali ocokela m'maganizo amodzi, akuti cipsela cimatha ngati wacipaka cinthu camphamvu mwamsanga. Zimene ndinaona m'miyezi imene tinakhala naye n'zakuti cipsela sicimva cangu. Mbali yaikulu ya maonekedwe ake imagamulidwa usanagone pa bedi la opaleshoni, ndipo yotsalayo imadalila zimene waleka kucita.

Pali njila ziwili zazikulu zokonzela mphuno. Yoyamba, dokotala amacekela mkati mwa mabowo, ndipo kunja sikutsala cizindikilo. Dokotala wa ku America, John Orlando Roe, analemba za njila imeneyi kale mu 1887. Yaciwili, amacekanso pa kakhungu kamene kamalekanitsa mabowo awili, n'kukweza khungu lonse kuti aone bwino mkati. Pamenepa samaceka moongoka. Amaceka ngati cilembo V cozondoka kapena ngati sitepe, kuti bala likamapola lisakoke khungu n'kusiya kamphako. Cipsela cake n'ca mamilimita ocepa cabe, ndipo kwa anthu ambili cimabisika cifukwa ca malo amene cili.

Koma pali kuceka kwina kumene kumatikhudza kwambili ise anthu akuda, cifukwa ambili amene amapita amapempha kucepetsa kutambalala kwa mphuno. Apa dokotala amacotsa kanyama m'mphepete, pamene mphuno imakumana ndi tsaya. Cipsela ca apa cili poyela. Akasoka bwino cimabisala m'kamzela kamene kalipo kale, koma akacotsa nyama yambili n'kovuta kwambili kuibwezela. Conco usanalipile ngwee iliyonse, funsa dokotala kuti adzaceka pati. Mupemphe zithunzi za odwala ake a khungu ngati lako, zojambulidwa ca pansi, patapita caka cathunthu.

N'cifukwa ciani caka? Ulusi wa kunja amaucotsa pakapita masiku 5 mpaka 7, ndipo munthu amaganiza kuti wapola. Apo m'pamene thupi layamba cabe nchito. Limathila collagen wambili pa bala, monga mmisili amene amayamba wamata simenti yambili kenako n'kusalaza. Ndiye cifukwa cake m'miyezi iwili kapena itatu yoyamba cipsela cimaoneka cotukuka, colimba, nthawi zina coyabwa. Kusalaza kumatenga miyezi 12 mpaka 18. Msuweni wanga anada nkhawa kwambili m'mwezi waciwili, pamene kamzela kake kanada kuposa poyamba. Kunalibe colakwika, thupi linali pakati pa nchito.

Kuda kumeneko ndiyo nkhani ya khungu lathu. Pamene pavulala kapena patupa, khungu lakuda limapanga melanin wambili, monga mmene ciphuphu cimasiyila banga pa tsaya. Bangalo limazilala lokha pang'onopang'ono ngati sulisokoneza. Vuto lina ndi keloid, cipsela cimene cimakula kupitilila malile a bala. Cimapezeka kwambili mwa anthu akuda kuposa azungu, ndipo cimayenda m'mabanja. Cimakonda makutu, cifuwa, mapewa ndi nsagwada. Pakati pa nkhope sicibwela kawili-kawili. Ngakhale n'conco, thupi lako linakuuza kale mmene limapolela. Gwila pamene unaboola makutu. Ona cipsela ca katemela wa BCG pa mkono. Ngati ndiwe mnyamata, papasa kunkhongo kumene makina a ku babashopu amapita. Ukapeza kampila kolimba pena paliponse, uza dokotala opaleshoni isanacitike.

Zimene zimathandizadi n'zocepa, ndipo n'zosasangalatsa kuzimva. Tsuka bala monga mmene anakulangizila, ndipo usatong'ole nkhanambo. Leka fodya milungu ingapo opaleshoni isanacitike komanso pambuyo pake, cifukwa nicotine amapanikiza timitsempha ta magazi, ndipo kakhungu ka pakati pa mabowo kamadalila timitsempha tocepa. Shisha ndi vape zili m'gulu lomwelo. Kenako dzuwa. Lusaka ili pamalo okwela mamita oposa 1,200, ndipo dzuwa la mu October ukaimilila pa siteshoni kuyembekeza minibasi silisewela. Ndilo limadetsa cipsela catsopano. Bala likatsekeka, paka mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposa tsiku lililonse, ndipo vala cipewa. Zakuti munthu wakuda safunika mafuta amenewa zisiye.

Cinthu copaka cimene madokotala ambili amavomeleza ndi silicone gel. Amathandiza khungu kusunga cinyezi, ndipo thupi silithila collagen wopitilila muyezo. Umayamba bala litatsekeka bwino-bwino, kupaka pang'ono kawili pa tsiku kwa miyezi iwili kapena itatu. Sacotsa cipsela, amangothandiza kuti cisatukuke. Kusisita cipsela ndi cala kumafewetsa, koma yamba dokotala akakulola, cifukwa mkati mwa mphuno mumakhala mukali kugwilana.

Msampha waukulu kwa ise ndi kabotolo kaja ka ku saluni. Mafuta ambili oyeletsa khungu ogulitsidwa m'misika amakhala ndi hydroquinone, mercury kapena steroid wamphamvu monga clobetasol, ndipo si onse amene amalemba zimenezi pa botolo. Steroid wopaka tsiku ndi tsiku amapyapyalitsa khungu n'kucedwetsa kupola. Hydroquinone ukamugwilitsa nchito nthawi yaitali angasiye mabanga akuda bii ovuta kucotsa, oipa kuposa amene unali kuthawa. Dokotala wa khungu angakulembele mankhwala ocepetsa banga, koma iye amadziwa mlingo ndi tsiku lolekela. Mandimu amawaula khungu, maka-maka likakumana ndi dzuwa. Ngakhale vitamin E, amene anthu amamutama, alibe umboni wokwanila wakuti amacepetsa zipsela, ndipo ena amawatulutsa zidzolo.

Nanga cipsela cikapitiliza kutukuka ndi kuyabwa? Dokotala angabayemo mankhwala ochedwa triamcinolone, nthawi zambili pakapita milungu 4 mpaka 6 iliyonse. Iyi si nchito ya mnzako wodziwa kugwila jekeseni, cifukwa mankhwala akaculuka amasiya dzenje kapena banga loyela. Laser nayo imafuna munthu amene anazolowela khungu lakuda, apo ayi imawocha. Kucekanso kuti akonze cipsela, madokotala ambili amati yembekeza caka cithe. Koma pali zina zosayembekeza ngakhale usiku umodzi: mafinya, kutentha thupi, bala kutseguka, kapena kakhungu ka pakati pa mabowo kuyamba kuda ndi kuzizila m'masiku oyamba. Ukaona zimenezi, thamangila ku cipatala.

Amene amapita kunja ayenela kuganizila izi kawili. Ku Turkey kapena ku South Africa umakhalako mlungu umodzi kapena iwili, koma kupola konse kumacitikila kuno. WhatsApp siingabaye jekeseni. Bwela ndi lipoti lolembedwa la zimene anacita, ndipo usanakwele ndeke pezelatu dokotala wa kuno, wolembetsedwa ku Health Professions Council of Zambia, amene adzakuona ukabwelako.

Sindine woweluza mphuno ya munthu. Agogo athu ambili kum'mawa anatema mphini pa nkhope cifukwa ca kukongola, ndipo anali kudziwa kuti mpeni ukadutsa, cizindikilo cimakhala. Ise tifuna mpeni udutse koma cizindikilo cisaoneke. Cingacepe kwambili, mpaka munthu wokhala nawe pafupi m'basi osaciona, koma sicitha. Walila mvula walila matope. Ngati uona kuti sungapilile kamzela kakuda pa nkhope kwa caka, osapakapo ciliconse cimene anzako akubweletsela, ndiye kuti nthawi yokonzetsa mphuno ikalibe kukwana.