Tchuthi cha Kunja Chimayambira Pakhomo: Ulendo wa Banja la ku Indonesia

Indonesia ndi dziko la zilumba zoposa 17,000, ndipo anthu ake ndi oposa 270 miliyoni. Munthu akhoza kukwera ndege ku Jakarta, kuuluka maola asanu mpaka ku Jayapura, n'kutsika akadali m'dziko lake lomwelo. Mnzake wa pachilumba cha Batam amakwera boti pafupifupi ola limodzi lokha, n'kupezeka ali ku Singapore, dziko la eni. Choncho banja la kumeneko likamaganiza zokachitira tchuthi kunja, mapu paokha salithandiza kwenikweni. Chimene chimaika dziko pafupi kapena patali ndi mapepala amene dzikolo limafuna pachipata. Tiyeni titsagane ndi banja lotere, tiyambire pakhomo, tipite kwa anansi, kenako kutali, mpaka tibwerere kunyumba.

Pasipoti patsogolo

Tisanayang'ane mtengo wa tikiti, titsegule kaye kabati tione mapasipoti. Ku Indonesia munthu amasungitsa tsiku lopita ku ofesi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko kudzera pa pulogalamu ya pafoni yotchedwa M-Paspor. Patsikulo amapita yekha kuti akajambulidwe, akadinde zala ndi kufunsidwa mafunso, atatenga chiphaso cha unzika chimene amachitcha KTP ndi khadi la banja lotchedwa Kartu Keluarga. Kuyambira mu Okutobala 2022, munthu wamkulu akhoza kulandira pasipoti ya zaka 10, koma ya ana ndi ya zaka zisanu. Apa m'pamene mabanja amakodwa: mapasipoti a bambo ndi mayi akadali bwinobwino, ya mwana inatha kale. Mayiko ambiri amafunanso kuti pasipoti ikhale itatsala ndi miyezi isanu ndi umodzi patsiku lolowa, ndipo ikapanda kutero, ulendo umathera pabwalo la ndege.

Nkhani ina ndi ya dzina. Anthu ambiri a ku Indonesia ali ndi dzina limodzi lokha, monga analili mapulezidenti awo awiri oyamba, Sukarno ndi Suharto. Mafomu a ndege ndi a viza amafuna dzina loyamba ndi la bambo. Ndi bwino kufunsa kampani ya ndege ndi ofesi ya kazembe mmene dzinalo lilembedwere tisanalipire, chifukwa dzina la patikiti liyenera kufanana ndi la m'pasipoti. Safunsa anadya phula.

Kwa anansi

Indonesia ndi limodzi mwa mayiko asanu amene anayambitsa bungwe la ASEAN ku Bangkok mu 1967. Lero nzika zake zimalowa ku Singapore, Malaysia, Thailand, Philippines ndi Vietnam popanda viza ngati zikungokacheza masiku owerengeka. Ku Singapore ndi ku Malaysia masikuwo amafika 30. N'chifukwa chake banja loyamba kumene kutuluka limachita bwino kuyambira kumeneku. A ku Batam amawoloka paboti. A ku Pontianak, pachilumba cha Borneo, amakwera basi kudzera pachipata cha Entikong mpaka kukafika ku Kuching, m'chigawo cha Sarawak ku Malaysia.

Ngakhale viza palibe, fomu ilipo. Singapore imafuna kuti mlendo alembe SG Arrival Card pa intaneti m'masiku atatu asanafike, ndipo Malaysia ili ndi yake yotchedwa MDAC. Zonse ziwiri ndi zaulere, choncho tsamba la pa intaneti lotiuza kuti tilipire tilikayikire. Tisaiwalenso wotchi: nthawi ya ku Singapore ili patsogolo ndi ola limodzi poyerekeza ndi ya ku Batam ndi Jakarta, ndipo wosasintha wotchi akhoza kusiyidwa ndi boti lobwerera. Pa nkhani ya ndalama zinthu zinapepukako, pakuti njira yolipirira pafoni ya ku Indonesia yotchedwa QRIS imagwiranso ntchito m'masitolo ena ku Thailand, Malaysia ndi Singapore. Komabe ndalama pang'ono za dzikolo zizikhala m'thumba.

Khomo lotseguka lili ndi ngozi yake. Achinyamata ambiri a ku Indonesia anatulukira njira yomweyi ngati alendo okacheza atalonjezedwa ntchito ya malipiro onona, n'kukapezeka atatsekeredwa m'mipanda ku Cambodia ndi ku Myanmar, akukakamizidwa kubera anthu pa intaneti. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chilolezo chokacheza si chilolezo cha ntchito, ndipo wotiuza kuti tinamize apachipata za cholinga cha ulendo wathu sakutifunira zabwino.

Japan ndi Australia

Tokyo ili kutali, maola pafupifupi asanu ndi awiri pandege kuchokera ku Jakarta, koma khomo lake ndi losavuta. Kuyambira mu Disembala 2014, mwini pasipoti yamakono yokhala ndi kachipangizo kosunga chithunzi ndi zidindo za zala akhoza kulembetsa asananyamuke, n'kuloledwa kucheza ku Japan mpaka masiku 15 popanda viza. Wa pasipoti ya mtundu wakale amafunsira viza monga mwa nthawi zonse. Choncho mtundu wa pasipoti umene tili nawo umadzakhala ndi ntchito patsogolo.

Ku Japan tisamale ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi mankhwala: ena a chimfine amene kwina amangogulidwa m'sitolo, monga okhala ndi pseudoephedrine wambiri, kumeneko saloledwa kulowa. Amene amamwa mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi awatenge m'mapaketi ake enieni, pamodzi ndi kalata ya dokotala, ndipo awaike m'chikwama cha m'manja. Chachiwiri ndi chakudya. Anthu ambiri a ku Indonesia ndi Asilamu ndipo sadya nkhumba, vuto limene ifenso timalidziwa tikakhala paulendo. Msuzi wa zakudya zina za ku Japan umaphikidwa ndi mafupa a nkhumba ngakhale m'mbalemo musaoneke nyama, choncho kufunsa tisanaitanitse n'kofunika.

Australia ndiye ili pakhomo penipeni. Mzinda wa Kupang, pachilumba cha Timor, uli pafupi ndi Darwin kusiyana ndi Jakarta, koma nzika ya Indonesia singalowe popanda viza yofunsira pasadakhale. Dzikoli silisekereranso chakudya cha m'chikwama. Mu 2022, matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi a ziweto atabuka ku Indonesia, munthu wina wochokera ku Bali analipitsidwa madola a ku Australia 2,664 pabwalo la ndege la Darwin chifukwa chosaulula kuti wanyamula buledi wa nyama. Mayi wokonzera banja kamba wa rendang, nyama ya ng'ombe yophikidwa ndi mkaka wa kokonati, adziwe zimenezi. Chakudya chilichonse chilembedwe pafomu, kapena chisiyidwe kunyumba.

Ku Ulaya

Wofuna kukaona Amsterdam, Paris kapena Rome amafunika viza ya Schengen, imene imalola kucheza mpaka masiku 90 m'kati mwa masiku 180. Amafunsira ku dziko limene akakhaleko nthawi yaitali paulendowo. Mafomu amalandiridwa kuyambira miyezi isanu ndi umodzi ulendo usanafike, ndipo yankho nthawi zambiri limatenga masiku 15, koma likhoza kuchedwa kuposa pamenepo. Kuyambira mu Juni 2024 munthu wamkulu amalipira mayuro 90, ndipo akakanidwa ndalamazo sizibwezedwa. Pamafunikanso inshuwalansi ya chipatala ya mayuro osachepera 30,000. Britain ili ndi viza yakeyake, ya Schengen sigwira ntchito ku London.

Mulu wonse wa mapepalawa ukuyankha funso limodzi: kodi munthuyu adzabwerera kwawo? Kalata ya kuntchito, mapepala a kubanki a miyezi ingapo, malo ogona ndi ndondomeko ya ulendo, zonsezo ndi umboni. Ndalama zambiri zobwereka zimene zangolowa mu akaunti sabata yatha zimadzutsa mafunso m'malo mothandiza. Ndiponso tikiti yosabwezeka ndalama tisaigule viza isanatuluke.

Nyengo ndi thupi

Mitengo ya ndege imakwera pa nthawi ya Lebaran, chikondwerero chotsekera mwezi wa Ramadan, komanso pa tchuthi cha sukulu cha Juni ndi Julayi ndi kumapeto kwa chaka. Banja lotha kuyenda miyezi ina limapulumutsa ndalama. Tchuthi cha ngongole chimatha m'masiku khumi, ngongoleyo n'kutsala chaka chonse, choncho kusunga pang'onopang'ono ndiye njira yabwino.

Thupi lozolowera kutentha kwa madigiri pafupifupi 30 chaka chonse limadzidzimuka likafika ku Japan kapena ku Ulaya mu Januwale, kapena ku Melbourne mu Julayi. Ana ndi agogo ndiwo amavutika msanga, ndipo zovala zingapo zosanjikiza zimafunditsa kuposa jekete imodzi. Paulendo wautali wa pandege tizimwa madzi pafupipafupi ndi kuimirira n'kuyendako pang'ono kuti magazi asaundane m'miyendo. Amsterdam ili m'mbuyo ndi maola asanu kapena asanu ndi limodzi poyerekeza ndi Jakarta, ndipo tulo timasokonekera. Kuyenda panja kukuwala masana oyamba kumathandiza thupi kuzolowera.

Kubwerera kunyumba

Tisananyamuke tijambule mapasipoti onse ndi kulemba nambala ya ofesi ya kazembe wa Indonesia, imene amaitcha KBRI. Pasipoti ikatayika, ofesiyo imapereka chikalata chapadera chotchedwa SPLP chobwererera kunyumba. Pobwera pali chizolowezi chotchedwa jastip, chogulira ena katundu kunja n'kulandirapo kangachepe. Katundu wogulitsa amakhomeredwa msonkho, ndipo katundu wa munthu mwini amene salipiritsidwa ndi wosaposa madola a ku America 500. Foni yogula kunja iyenera kulembetsedwa kwa akasitomu kuti igwire ntchito ndi makadi a m'dzikomo. Koposa zonse, phukusi lomangidwa kale la munthu wina tisalinyamule, ngakhale akhale wodziwana naye. Ku Singapore, ku Malaysia ndi ku Indonesia komweko mlandu wa mankhwala osokoneza bongo ukhoza kufikitsa munthu ku chilango cha imfa.

Ndege ikatera pabwalo la Soekarno-Hatta, banja limene linayamba ndi pasipoti, n'kutsatiza viza, n'kumalizira tikiti limatsika lili lathunthu, lopuma bwino ndiponso lopanda ngongole. Ana amakhala ndi nkhani zokasimba kusukulu, ndipo makolo akhoza kuyamba kusungira ulendo wina.