Chida Chimodzi, Ndalama Zochepa

Achinyamata athu ambiri ku Ulongue ndi ku Tete akudyera umakaniko, ndipo kawirikawiri amatifunsa kuti pa zida ziwiri za batire, sikurudiraiva ndi impact driver, agule chiti. Ndalama zake amazisunga miyezi ingapo, choncho funsoli sitilipeputsa.

Sikurudiraiva ya batire ndi yofatsa. Yaing'ono ya 3.6 V mphamvu yake yopotokola, imene amaiyeza mu Nm, imakhala pafupifupi 5. Imathandiza pa dashibodi ndi pa zitseko, pamene masikuluwu amalowa m'pulasitiki. Koma ikakumana ndi bawuti yadzimbiri kunsi kwa galimoto imene yasambira m'matope a dzinja, imangolira n'kuima.

Impact driver ili ndi kanyundo m'kati, kamene kamamenya mozungulira bawuti ikakana. Zambiri za 18 V zimafika 150 Nm, ndipo mkono wa mmisiri supotokoka. Ngozi ili pa mphamvu yomweyo. Bawuti ya sipanala ya 10 imaduka mutu m'kuphethira kwa diso, tsiku lonse n'kuthera pa kuboola chotsaliracho, mwini galimoto ali chilili.

Ife tikuti wokwanitsa chida chimodzi agule impact driver, pakuti za pa dashibodi sikurudiraiva yamanja imazitha. Pomanga, bawuti aiyambe ndi zala, aimalize ndi sipanala. Manati a matayala okha, amene amamangidwa pa 100 Nm kapena kuposerapo, asawayese nayo: kachitsulo kolumikizira soketi n'kowonda, kamathyoka. Imeneyo ndi ntchito ya impact wrench kapena sipanala yamtanda.